Mwana aliyense angathe: nkhani ya muyezo wa maphunzilo m'masukulu a mu Zambia

Kuyambila mu January 2022, ana a mu Zambia amaphunzila m'masukulu a boma popanda kulipila, kucokela m'makalasi a ana aang'ono mpaka kumapeto kwa sekondale. Boma linanena kuti ana oposa 2 miliyoni analowa kapena kubwelela kusukulu lamuloli litayamba kugwila nchito, ndipo m'caka comweco linalemba nchito aphunzitsi oposa 30,000.

Khomo linatseguka ndithu. Funso limene latsala kwa makolo, aphunzitsi ndi Unduna wa Zamaphunzilo ndi lakuti: kodi ana amene adzaza m'makalasiwa akutulukamo atadziwa ciyani?

Funsoli likukhudza zinthu ziwili. Coyamba ndi muyezo wa maphunzilo, ndiye kuti zimene mwana ayenela kudziwa ndi kukhoza kucita pofika pa giledi iliyonse. Caciwili ndi ciyembekezo ca akuluakulu, ndiye kuti ngati aphunzitsi ndi makolo amakhulupilila kuti mwana aliyense, osati owelengeka okha, angafike pa muyezowo.

Muyezo ndi ciyani?

Muyezo ndi cinthu cimene munthu angacione ndi kuciyesa. Mwana amene watha zaka zinai kusukulu ayenela kuwelenga nkhani yaifupi ndi kufotokoza zimene wamva. Ayenela kuphatikiza ndi kucotsela manambala popanda womuthandiza. Mwana womaliza sekondale ayenela kulemba kalata yomveka bwino, kuwelengela phindu la malonda, ndi kutsatila malangizo olembedwa pa botolo la mankhwala kapena pa thumba la feteleza.

Zinthu zimenezi zimalembedwa mu silabasi imene Unduna umakonza, ndipo bungwe la Examinations Council of Zambia, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1983, ndi limene limayesa ana kudzela m'mayeso a dziko lonse.

Koma kwa zaka zambili mayeso akhala akugwila nchito ngati sefa. Malo ku sekondale anali ocepa, conco mayeso a Giledi 7 ndi a Giledi 9 anali njila yosankhila owelengeka opitiliza. Sukulu inkachuka cifukwa ca ana ake amene anasankhidwa kupita kumasukulu odziwika monga Munali, Hillcrest, Chizongwe kapena St Monica's. Za ana ena onse amene anatsala, si ambili amene ankafunsa.

Zotsatila zake zinali zakuti m'makalasi ambili munali miyezo iwili. Wapamwamba unali wa ana a kutsogolo amene amakweza manja. Wapansi, umene sunalembedwe paliponse, unali wa ana a kumbuyo, amene ankangofunika kukhala cete ndi kukopela za pa bolodi.

Zimene kafukufuku anaonetsa

Dziko lino lakhala likulonjeza maphunzilo abwino kwa onse kwa nthawi yaitali. Ndondomeko ya mu 1996 yochedwa Educating Our Future inaika mtima pa ubwino wa zimene ana amaphunzila. Mu 2002, boma la malemu Levy Mwanawasa linacotsa malipilo kuyambila Giledi 1 mpaka Giledi 7, ndipo ciwelengelo ca ana m'masukulu cinakwela kwambili.

Kuphunzila kwenikweni sikunakwele mofanana. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa mu 2007, amene anayesa ana a Giledi 6 m'maiko a kum'mwela ndi kum'mawa kwa Africa, Zambia inali pakati pa maiko a kumapeto pa kuwelenga ndi pa masamu pomwe.

Patapita zaka khumi, dziko lino linatengako mbali pa mayeso a PISA for Development, okonzedwa ndi bungwe la OECD, pamodzi ndi maiko monga Senegal, Cambodia ndi Ecuador. Zotsatila zinatuluka mu 2018. Mwa ana asukulu 100 alionse a zaka 15, pafupifupi asanu okha ndi amene anafika pa muyezo woyambila wa kuwelenga, ndipo pafupifupi awili okha ndi amene anafika pa muyezo woyambila wa masamu. Ana ambili a msinkhu umenewo sanayesedwe n'komwe, cifukwa anali atasiya sukulu kapena anali akali m'magiledi apansi.

Ziwelengelo zotele sizingatanthauze kuti ana 95 mwa 100 alibe nzelu. Zimaonetsa kuti ana ambili ankakwela makalasi caka ndi caka asanagwile maziko. Mwana amene sanadziwe kuwelenga mu Giledi 2 amavutika ndi sayansi mu Giledi 5, osati cifukwa sayansiyo ndi yovuta, koma cifukwa bukulo silimulankhula.

Maganizo a mphunzitsi ali ndi mphamvu

Zimene mphunzitsi amaganiza za mwana zimakhudza mmene mwanayo amaphunzilila. Nkhaniyi inachuka mu 1968, pamene Robert Rosenthal ndi Lenore Jacobson anafalitsa zimene anapeza pa sukulu ina ya pulaimale ku California, m'dziko la America. Iwo anauza aphunzitsi kuti ana ena m'makalasi mwao anali pafupi kucita bwino kwambili. Zoona zake zinali zakuti maina a anawo anangosankhidwa mwamwai. Pakutha pa caka, ana ochulidwawo, makamaka a m'magiledi awili oyambilila, anakwela kuposa anzao.

Akatswili ena amene anabweleza kafukufuku wa mtunduwu anapeza kuti mphamvu ya ciyembekezo ca mphunzitsi si yaikulu monga inaonekela poyamba. Komabe anapezanso kuti ilipo ndithu, ndipo imaonekela kwambili kwa ana amene anthu amawaona ngati otsalila.

Njila imene izi zimacitikila si yobisika. Mwana amene mphunzitsi amamudalila amafunsidwa mafunso ambili ndiponso ovuta. Akakayikila poyankha, amapatsidwa nthawi yoganiza. Akalakwa, amauzidwa pamene walakwila. Mwana amene anamuika kale m'gulu la olephela safunsidwa kawilikawili, ndipo akangozengeleza, funso limapita kwa wina. Buku lake limacongedwa mothamanga kapena silicongedwa n'komwe.

Mwana amazindikila msanga mmene akulu amamuonela. Akamva kawili katatu kuti ndi wopanda mutu, amaleka kuyesa, ndipo akaleka kuyesa mau aja amaoneka ngati anali oona. M'kalasi ya ana 80 kapena 100, monga zilili m'masukulu ena, zimenezi zingacitike popanda mphunzitsi kufuna coipa ciliconse. Iye amangothamanga ndi amene akumutsatila kuti amalize silabasi.

Colinga cimodzi, poyambila posiyana

Anthu ena amaganiza kuti kukweza muyezo ndi kuphunzitsa zinthu zovuta kwambili ndi kuumitsa mayeso. Pulogilamu ya Catch Up, imene Unduna wa Zamaphunzilo unayamba mu 2016, ikuonetsa njila ina.

Pulogilamuyi inatengela njila yochedwa Teaching at the Right Level, imene bungwe la Pratham la ku India linakonza. Kuno inayamba kuyesedwa m'masukulu 80 a m'maboma a Chipata ndi Katete kucigawo ca Kum'mawa, ndiponso Monze ndi Pemba kucigawo ca Kum'mwela, mothandizidwa ndi mabungwe monga UNICEF, VVOB ndi J-PAL.

Kacitidwe kake ndi kosavuta kumva. Mphunzitsi amakhala ndi mwana mmodzi mmodzi wa Giledi 3, 4 ndi 5, n'kumupatsa pepala kuti awelenge mokweza m'cinenelo ca kwao. Pamenepo amaona ngati mwanayo sadziwa ngakhale zilembo, kapena adziwa zilembo zokha, kapena atha kuwelenga mau, ndime yaifupi, kapena nkhani yonse. Pa masamu amaona ngati azindikila manambala ndi ngati atha kuphatikiza, kucotsela, kuculukitsa ndi kugawa.

Akatelo, ana amaikidwa m'magulu malinga ndi pamene afika, mosayang'ana giledi kapena msinkhu. Kwa ola limodzi pa tsiku, gulu lililonse limaphunzila zimene likusowa. Amagwilitsa nchito makadi a zilembo, masewela a mau, nthano, ndi timitengo tomangidwa m'mitolo ya khumi khumi. Nthawi zambili ana amakhala pansi mozungulila, ndipo mphunzitsi amakhala nao pomwepo.

Mfundo yaikulu ndi yakuti gululo si mudzi wokhalamo. Ana amayesedwanso pakapita nthawi, ndipo amene wadziwa zilembo amasamukila ku gulu la mau, wa mau amapita ku ndime. Colinga ca onse ndi cimodzi: kuwelenga nkhani ndi kuimva.

M'masukulu oyesela aja, ana amene sankadziwa ngakhale cilembo cimodzi anacepa kucoka pa 33 kufika pa 8 mwa ana 100 alionse. Amene ankatha kuwelenga ndime kapena nkhani anaculuka kucoka pa 34 kufika pa 52. Pambuyo pake pulogilamuyi inafalikila m'masukulu pafupifupi 1,800 a m'zigawo ziwilizo, kenaka n'kupita kuzigawo zina.

Ana amene anayamba kuwelenga m'miyezi yowelengeka ndi omwe aja amene anakhala zaka zitatu kapena zinai kumbuyo kwa kalasi. Nzelu zao sizinasinthe. Cimene cinasintha ndi cakuti wina anafufuza pamene anaimila, n'kuyambila pomwepo, ali ndi cikhulupililo cakuti afika.

Nkhani ya cinenelo

Cinenelo cophunzitsila nacho cakhala cikusintha. Kuyambila mu 1966, lamulo linali lakuti ana aziphunzila m'Cingelezi kucokela mu Giledi 1. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pulogilamu ya Primary Reading Programme inabweletsa kuphunzila kuwelenga m'cinenelo ca kuno m'caka coyamba. Mu 2014, zinenelo zisanu ndi ziwili, zomwe ndi Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, zinayamba kugwilitsidwa nchito pophunzitsa kuyambila Giledi 1 mpaka Giledi 4. Ndondomeko yatsopano ya mu 2023 inabwezela Cingelezi patsogolo, koma inasiya mpata wakuti mphunzitsi azifotokoza m'cinenelo cimene ana amamva.

Pa nkhani ya muyezo, cofunika kusamala ndi ici: mwana amene wakhala cete cifukwa sanamve funso m'Cingelezi asayesedwe wopanda nzelu. Mwana wa ku Vubwi kapena ku Chama amene amamva Cingelezi kusukulu kokha amayamba ulendo wake patali kusiyana ndi wa ku Kabulonga. Onse awili angafike, koma woyambayo afunika womufotokozela m'mau amene amawadziwa.

Kuumitsa mayeso pakokha sikukwanila

Kwa zaka zingapo, ana onse amene analemba mayeso a Giledi 7 ankapita ku Giledi 8 mosayang'ana mmene anakhozela. Mu 2023 Unduna unathetsa mcitidwe umenewo, ndipo unati opitiliza akhale okhawo amene akhoza. Mu January 2025, ndondomeko yatsopano ya maphunzilo inayamba kulowa m'masukulu pang'onopang'ono. Pansi pa ndondomekoyi, pulaimale ndi ya zaka zisanu ndi cimodzi, sekondale ikuyambila Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndipo pali Fomu 5 ndi 6 kwa opitiliza. Ikugogomezela zimene mwana angathe kucita, osati zimene waloweza pamtima cabe.

Ocilikiza kuthetsa kukwela kwaulele amati satifiketi iyenela kukhala ndi tanthauzo, ndipo kukweza mwana wosadziwa kuwelenga ndi kumunamiza. Ena amacenjeza kuti mwana wobweleza kalasi, makamaka wamkulu msinkhu kapena wocokela m'banja losauka, ndi amene amasiya sukulu msanga.

Mbali zonse ziwili zili ndi mfundo. Mwana akabweleza caka n'kuphunzitsidwa zomwezo, m'njila yomweyo, pa liwilo lomwelo, palibe cifukwa coyembekezela zotsatila zosiyana. Muyezo wapamwamba wopanda cithandizo umasanduka mpanda wotsekela ana kunja. Naco cithandizo copanda muyezo cimangokhala cifundo cosapindulitsa. Ziwilizi zimayendela limodzi, ndipo nthawi yabwino yothandizila mwana ndi m'magiledi oyambilila. Paja akuluakulu anati m'mela mpoyamba.

Aphunzitsi naonso afunika kuwadalila

Palibe muyezo umene ungakwele kuposa luso la ouphunzitsa. Lamulo la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Teaching Council of Zambia, limene limalembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa cilolezo cogwilila nchito. Koma cilolezo ndi ciyambi cabe.

Mu 2005, cigawo ca Pakati cinayamba njila yochedwa Lesson Study mothandizidwa ndi bungwe la JICA la ku Japan, ndipo pambuyo pake inafalikila m'zigawo zina. Aphunzitsi a phunzilo limodzi amasankha mutu umene umavuta ana, n'kukonzela pamodzi kaphunzitsidwe kake. Mmodzi amaphunzitsa, anzake akuonelela. Maso ao amakhala pa ana: ndani wamva, ndani wasocela, ndipo wasocelela pati. Kenaka amakambilana, kukonzanso phunzilolo ndi kuliphunzitsanso.

Ubwino wa njilayi ndi wakuti imasintha funso. M'malo mofunsa kuti ana awa ali ndi vuto lanji, aphunzitsi amafunsa kuti phunzilo ili lakanika pati.

Mphunzitsi wamkulu ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi. Iye ndi amene amasankha wophunzitsa Giledi 1 ndi 2. Pamene aphunzitsi aluso onse aikidwa m'makalasi olemba mayeso, sukulu imakhala ikumanga denga pa nyumba yopanda maziko. Iye ndi amenenso amaona kuti nthawi yophunzila isatayike cifukwa ca kucedwa, kujomba kapena nchito zakunja. M'masukulu amene ana amaphunzila mosinthana, ena m'mawa ena masana, ola lililonse lotayika ndi lalikulu.

Boma nalo lili ndi mbali yake. Mphunzitsi wopanda mabuku okwanila, wopanda nyumba pafupi ndi sukulu, ndiponso wokhala ndi ana oculuka mopitilila, sangathe kudziwa pamene mwana aliyense wafika. Mu 2022 ndalama za citukuko ca m'madela a aphungu, za CDF, zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dela lililonse, ndipo zina mwa izo zakhala zikupita ku makalasi, madesiki ndi kulipilila ana ovutika m'masukulu ogonela komweko. Anthu a m'dela ali ndi ufulu wofunsa mmene ndalamazo zagwilila nchito.

Tanthauzo la mau akuti onse

Pali magulu a ana amene anthu amafulumila kuwatsitsila muyezo.

Oyamba ndi atsikana. Maganizo akuti masamu ndi sayansi ndi za anyamata akalipo m'mabanja ena ndi m'makalasi ena. Kuyambila mu 1997, mtsikana amene watenga pakati ali pasukulu amaloledwa kubwelela akabeleka. Mu 2023, lamulo la maukwati linasinthidwa kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa mwambo. Koma mtsikana wobwelela kusukulu afunika zambili kuposa desiki. Afunika kufunsidwa mafunso, kupatsidwa nchito ndi kucongeledwa mofanana ndi anzake.

Aciwili ndi ana olemala. Sukulu yoyamba ya ana osaona m'dziko lino inatsegulidwa ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1905. Zaka zoposa 100 zaonetsa kuti mwana wosaona kapena wosamva amaphunzila bwino akapatsidwa zilembo za Braille, cinenelo ca manja ndi mphunzitsi wodziwa nchito. Lamulo la anthu olemala la mu 2012 limaletsa kuwasala pa maphunzilo. Kumumvela cisoni mwana wotele n'kuleka kumupatsa nchito ndi mtundu wina wa kumusala.

Acitatu ndi ana a kumidzi ndi a m'makomboni. Mnyamata amene amajomba cifukwa coweta ng'ombe, kapena mtsikana wofika mocedwa cifukwa cogulitsa pamsika, amatsalila cifukwa ca masiku amene wataya. Mankhwala ake ndi kumubwezela masikuwo ndi kukambilana ndi makolo ake. Apa mafumu ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi ali ndi mau amphamvu.

Zimene makolo angacite

Kholo silifunika kukhala lophunzila kuti lidziwe ngati mwana akuphunzila. Lingamuuze kuti awelenge mokweza ndime ya m'buku lake, kenaka afotokoze m'mau ake zimene wawelenga. Lingamutume kumsika n'kumufunsa kuti cenji ikhala zingati. Lingatsegule mabuku ake ndi kuona ngati amacongedwa.

Pa tsiku lotenga malipoti, makolo ambili amafunsa kuti mwana wakhala nambala cani. Nambala imangoonetsa amene wapitilila mnzake, ndipo m'kalasi imene onse ali pansi, ngakhale woyamba angakhale asanafike pa muyezo. Mafunso othandiza ndi awa: Kodi mwanayu atha kucita ciyani tsopano cimene sankatha temu yatha? Cikumuvuta ndi ciyani? Sukulu icitapo ciyani, nanga kunyumba acitepo ciyani?

Mau a panyumba naonso amamanga kapena kugwetsa. Kuuza mwana kuti kubanja kwao kulibe wa masamu ndi kumupatsa cifukwa colekela. Kumuyamikila pa khama lake, ndi kumupatsa nthawi ndi kuwala kowelengela madzulo, ndi kumuuza kuti akuyembekezeledwa kucita bwino.

Muyeso weniweni wa sukulu

Maphunzilo aulele anathetsa funso lakuti ndani alowe. Kuti ndalama zimene dziko likuika m'masukulu zibale zipatso, sukulu iliyonse iyenela kudziwa ciwelengelo ca ana ake a Giledi 3 amene sanayambe kuwelenga, kuwadziwa maina, ndi kukhala ndi dongosolo lowathandiza temu isanathe.

Sukulu imene yatumiza ana khumi kumasukulu ochuka iyenela kuyamikilidwa. Koma oyendela masukulu, makomiti a makolo ndi atsogoleli a m'madela afunikanso kufunsa za ana makumi asanu ndi awili amene anatsala. Yankho la funso limenelo ndi limene lidzaonetse ngati muyezo wa maphunzilo mu Zambia wakweladi.